Khutba ya Ijumaa: Chingwe cha pa tenti ya kolera, ndi mangawa athu kwa odwala ndi akufa

Khutba yoyamba

Kutamandidwa konse kuyenera Allah, Mwini moyo ndi imfa, amene adalenga zooneka ndi maso pamodzi ndi zing'onozing'ono zomwe diso silingazione, ndipo palibe mwa izo chomwe chimayenda kunja kwa chifuniro Chake. Tikuikira umboni kuti palibe wopembedzedwa mwachoonadi koma Iye yekha, ndi kuti Muhammad ndi kapolo Wake ndi Mtumiki Wake. Madalitso ndi mtendere zikhale pa iye, pa akubanja kwake ndi pa maswahaba ake onse. Inu akapolo a Allah, tikudzilangiza tokha poyamba, kenako inu, kuti timuope Allah mseri ndi poyera.

M'dzinja la chaka cha 2023 mnyamata wina adatidikira pakhomo pa mzikiti itatha swala ya Asr. Adaima pambali kufikira anthu onse atavala nsapato zawo n'kubalalika. Mayi ake adali atamwalira masiku anayi m'mbuyomo m'tenti ya odwala kolera, pa chipatala chomwe sititchula dzina. Iye ndiye adawanyamula panjinga pakati pa usiku, ndipo adafika nawo akupumabe. Pakhomo la tenti padali chingwe. Mchemwali wake mmodzi adaloledwa kulowa, iye adatsala kunja, ndipo adakhala pansi pa mtengo wa mango mpaka kudacha. Adatifunsa motere: "A Shehe, amayi aja adandisambitsa ndili khanda. Ine ndidawasiya m'manja mwa anthu osawadziwa. Sindidawamwetse madzi, sindidawatsogolere shahada, thupi lawo lidatuluka litakulungidwa m'pulasitiki likununkha cloro, ndipo achemwali anga sadawasambitse. Kodi Allah akatifunsa tikayankha chiyani?"

Tsiku limenelo tidamuyankha mwachidule, monga munthu amayankhira wolira. Lero mvula yabweranso, zitsime zayamba kudzaza ndi madzi othamanga, ndipo funso lake likufunika yankho lathunthu, popeza silake yekha.

Chipembedzo chathu chimatilamula kuzonda wodwala. Chimatilamulanso kusambitsa wakufa, kumuveka sanda, kumuswalira ndi kumuika m'manda. Zinayizi ndi fardh kifaya, kutanthauza kuti ena akazichita onse apepukidwa, koma onse akazisiya mudzi wonse wasenza tchimo. Chipembedzo chomwecho chimaletsa munthu kudziponya m'chionongeko, monga momwe Sura Al-Baqara, ndime 195, ikutichenjezera, ndipo chimaletsa kubweretsa vuto kwa mnzako. Masiku ambiri malamulo amenewa amayenda njira imodzi ngati ng'ombe za pagoli limodzi. Pa kolera amaoneka ngati akukokerana, lina kuti yandikira, lina kuti ima pomwepo. Tsono chifundo chenicheni chili mbali iti ya chingwe?

Shehe amene apereka fatwa pa chinthu chomwe sadachimvetse ali ngati woweruza mlandu asanamve mboni. Choncho tiyambe tadziwa matendawo.

Kolera amayamba ndi kachilombo kotchedwa Vibrio cholerae. Kamalowa m'thupi kudzera pakamwa, m'madzi kapena m'chakudya chomwe chakhudzana ndi chimbudzi kapena masanzi a munthu amene ali nako. Sikauluka mumpweya, sikalowa ndi diso loipa. Kakafika m'matumbo aang'ono kamamatirira ku khoma lake n'kuyamba kutulutsa chiphe. Chiphecho chimatembenuza ntchito ya matumbo: m'malo moyamwa madzi kulowetsa m'thupi, amayamba kukhuthula madzi ndi mchere wa m'thupi kutulutsa kunja. Dokotala wa ku Kolkata, Sambhu Nath De, ndiye adaonetsa poyera m'chaka cha 1959 kuti chomwe chimachita zimenezi ndi chiphe. Munthu wamkulu amene matendawa amugwira kwambiri akhoza kutaya madzi okwana lita imodzi pa ola limodzi, ndipo madziwo amaoneka ngati otsukira mpunga. Maso amalowa m'kati, miyendo imakokana, mawu amazilala, khungu ukalitsina limaima osabwerera. Wolimba amene adalima m'mawa akhoza kuikidwa m'manda mawa lake.

Zindikirani apa kuti chomwe chimapha ndi kuuma kwa thupi. N'chifukwa chake mankhwala aakulu a kolera ndi madzi, mchere ndi shuga, zinthu zomwe zili m'nyumba ya wosauka aliyense. M'chaka cha 1971, pa msasa wa anthu othawa nkhondo ya Bangladesh ku Bangaon, madiripi adachepa, ndipo dokotala Dilip Mahalanabis adayamba kumwetsa odwala madzi osakaniza mchere ndi shuga, achibale awo ndiwo akugwira makapu. Kumene kunkafa anthu pafupifupi 30 mwa 100 alionse, chiwerengero chidatsika kufika posakwana 4. Lero, wodwala akalandira chithandizo msanga, omwalira sakwana mmodzi mwa 100. Koma odwalitsa akasiyidwa popanda chithandizo, imfa ikhoza kutenga mpaka theka. Allah adatsitsa matenda, ndipo pa matenda awa adaika mankhwala ake pafupi kwambiri ndi dzanja lathu, kotero kuti ambiri aife timawapeputsa chifukwa sagulidwa modula.

Chinthu chachiwiri ndicho chimatifikitsa pa chingwe chija. Anthu ambiri amene ameza kachilomboka sadwala n'komwe, kapena amangotsekula m'mimba pang'ono, koma amakatulutsa m'chimbudzi kwa masiku ofika 10. Ndipo amene adzadwale akhoza kukhala bwinobwino kuyambira maola 12 mpaka masiku 5 asanamve kanthu. Ndiye kuti wozonda akhoza kulowa m'tenti, kugwira dzanja la m'bale wake, kukonza nsalu yake, kutuluka mtima uli mbee poti wachita sunna, n'kukaviika kapu mumtsuko womwe amwa ana ake. Sadafune choipa. Koma mtsuko sufunsa niya.

Amene mudalowapo m'tenti ya kolera mukudziwa momwe imakhalira. Bedi lake lili ndi bowo pakati, pansi pake ndowa, pambali ndowa ina ya masanzi, kuti anamwino aone kuchuluka kwa madzi otayika n'kubwezera omwewo. Wokhoza kumwa amamwetsedwa; wosakhoza amaikidwa soro, diripi ya Ringer, kufikira mtsempha utayambanso kugunda. Khomo lolowera ndi lotulukira zimayang'aniridwa, ndipo cloro amasungunulidwa mwa mphamvu zitatu: 0.05 peresenti wosamba m'manja, 0.2 peresenti wa pansi, mabedi, zovala ndi nsapato, ndi 2 peresenti wa chimbudzi, masanzi ndi matupi a omwalira. Wodikirira wodwala amaloledwa mmodzi. Zonsezi cholinga chake n'chimodzi, kuti chomwe chatuluka m'mimba mwa wodwala chisapezenso njira yolowera m'kamwa mwa munthu wina. Ife amene tidaphunzira Babu la twahara tisanaphunzire china chilichonse m'fiqh sitiyenera kuona zimenezi ngati zachilendo. Wotsuka ndowa zimenezo usiku wonse akuchotsa najisi pa Msilamu mnzathu, ntchito yomwe ambiri aife sitingaipirire ngakhale ola limodzi.

Tikadali m'chipatala, tiwonjezere mawu pa makapisozi. Kuli kachilombo kena kotchedwa Clostridioides difficile kamene kamasautsa zipatala za dziko lonse, ngakhale za ku Lisboa ndi London. Nakonso kamavulaza matumbo ndi chiphe. Kamadzuka makamaka mwa munthu amene wamwa antibiótico, chifukwa mankhwalawo amapha ndi tizilombo tabwino tomwe Allah adaika m'matumbo mwathu ngati alonda, ndipo alonda akafa mbala imalowa. Madokotala adatsimikiza mlandu wake m'chaka cha 1978. Njere zake n'zolimba, zimakhala miyezi pa zitsulo za bedi, ndipo sizifa ndi mankhwala a spiriti opaka m'manja aja. Zimafuna sopo, madzi oyenda ndi cloro. Tikunena izi chifukwa pamisika yathu makapisozi amagulitsidwa ngati mtedza, awiri atatu m'kapepala, ndipo munthu akangomva m'mimba mwabwadamuka amameza. Pa kolera, mankhwala onga doxycycline amaperekedwa ndi achipatala kwa odwalitsa, ndipo ntchito yake ndi kufupikitsa matenda. Sabwezera madzi ngakhale dontho limodzi. Womeza kapisozi kunyumba n'kunena kuti tione mmene kuchere wataya maola omwe moyo wake udali m'menemo.

Mwina wina anganene mumtima mwake kuti zingwe ndi matenti n'zobwera ndi azungu, ndipo Msilamu woyadzamira kwa Allah sazifuna. Mbiri yathu ikukana zimenezo. M'chaka cha 1865 kolera adagwa ku Makka pa nyengo ya Hajj ndipo adapha mahujaji zikwizikwi. M'chaka cha 1893 adabweranso. Alendo a Allah, atavala ihram, pafupi ndi Ka'ba. Pambuyo pa mliri wa 1865 kudakhazikitsidwa malo oimikirako mahujaji kuti ayesedwe, pa chilumba cha Kamaran m'Nyanja Yofiira ndi ku At-Tur m'dera la Sinai. Kumeneko ku At-Tur, m'chaka cha 1905, dokotala Felix Gotschlich adapeza mtundu wina wa kachilomboka m'matupi a mahujaji omwalira, ndipo mpaka lero mtunduwo umatchedwa El Tor. Ndi womwewo umene udayamba kufalikira kuchokera ku Sulawesi m'chaka cha 1961, n'kufika mu Africa m'chaka cha 1970, ndipo ndi womwewo umene udapezeka m'boma la Lago pa 14 September 2022, n'kufika ku Lichinga, pomwe kutsidya kwa malire a Mandimba, ku Malawi, udadwalitsa anthu oposa 58,000 ndi kupha oposa 1,700. Ngati mliri sudapatule oyenda tawaf, usatipusitse mtima kuti udzalambalala Etatara chifukwa timaswali Fajr.

Ndipo funso la kuyadzamira lidayankhidwa kalekale ndi anthu otiposa ife. Pa nthawi ya mliri wa Amwas, cha m'ma 639, Khalifa Umar ibn Al-Khattab (Allah asangalale naye) adali paulendo wa ku Sham. Atafika pa Sargh adamva kuti kutsogolo kwagwa mliri. Adafunsa nzeru kwa ma Muhajirun, adasiyana maganizo. Adafunsa ma Answar, chimodzimodzi. Kenako adafunsa akuluakulu a Chiquraish, ndipo adatsimikiza zobwerera. Abu Ubaida ibn Al-Jarrah adamufunsa ngati uku sikudali kuthawa chikonzero cha Allah. Umar adamuyankha kuti wothawa chikonzero cha Allah amathawira ku chikonzero cha Allah chomwecho, ndipo adamupatsa fanizo la mbusa amene ali ndi mbali ziwiri za chigwa, ina ya msipu ina youma: kulikonse kumene angadyetse ziweto zake wadyetsa mwa chikonzero cha Allah, koma wanzeru amadziwa koyenera kulowera. Pambuyo pake padafika Abdurrahman ibn Auf ndi chiphunzitso chomwe adamva kwa Mtumiki (SAW), choletsa kulowa m'dera la mliri ndi choletsa otsekeredwa m'menemo kutulukamo mothawa. Taonani, chiphunzitsocho chili ndi mbali ziwiri ngati chingwe cha pa tenti: wakunja asalowe, wam'kati asatuluke. Banja lomwe lizembetsa wodwala wake m'tenti usiku laswa mbali yachiwiri, ndipo labweretsa pakhomo pake chomwe anamwino ankachitsekera m'ndowa.

Pali msampha wina womwe umakola makamaka ife ophunzira. M'madh'hab a Imam Shafi'i, omwe ambiri kuno timatsatira, madzi okwana ma qulla awiri, pafupifupi malita 200, sasanduka najisi pokhapokha mtundu, fungo kapena kukoma kwake zitasintha. Lamulo limeneli n'loona, ndipo ndi chifundo cha Allah kwa anthu osowa madzi. Koma likuyankha funso lakuti: kodi wudhu wanga watheka? Silikuyankha funso lakuti: kodi ndikameza sindidwala? Madzi a m'birika la mzikiti akhoza kukhala oyera mbee, opanda fungo, ovomerezeka pa wudhu, koma muli tizilombo tosawerengeka. Ndipo pa wudhu timatsuka m'kamwa. Twahara ili ndi khomo lake m'fiqh, kupewa choipa kuli ndi khomo lakenso, ndipo wosokoneza makomo awiriwa akhoza kupha jamaa yonse ali ndi umboni wa m'buku m'manja. Chimodzimodzi beseni limodzi losambamo m'manja anthu 20 asanadye nsima: womaliza amasamba litsiro la onse amene adamutsogolera, ndipo womalizayo kawirikawiri amakhala mwana.

Tsopano tifike pomwe mtima wa mnyamata uja udasweka, pa kusambitsa maliro.

Thupi la womwalira ndi kolera limakhalabe ndi tizilombo tambiri, ndipo madzi a m'mimba amapitiriza kutuluka. Mwambo wathu posambitsa ndi kukhazika thupi pang'ono, kusisita pamimba kuti zotsalira zituluke, kutsuka, n'kuthira madzi katatu. Pa imfa wamba zimenezi n'zabwino. Pa kolera ndiye kuti osambitsa akutulutsa ndi manja awo chinthu choopsa koposa, madzi ake akuyenderera pabwalo, ndipo amayi omwewo akachoka apo akupita kukaphikira anamalira. Maliro amodzi amabala maliro ena motero.

Apa tisiyanitse chokakamizika ndi chokondedwa. Chokakamizika pa ghusl ya wakufa ndi kuti madzi afike thupi lonse kamodzi, najisi itachotsedwa. Kusisita pamimba, kubwereza katatu, masamba a sidr ndi kafur, zonsezi ndi sunna, ndipo sunna imasiyidwa ikakhala njira ya kuvulaza amoyo. Choncho ngati achipatala alola, alowe anthu awiri kapena atatu okha, atavala magolovesi ndi zotchinga, thupi litayamba lathiridwa cloro wa 2 peresenti ndi potulukira madzi patatsekedwa ndi thonje loviika mu cloro yemweyo. Athire madzi mofatsa popanda kufinya, ndipo madziwo apite m'dzenje lokonzedwa. Cloro sanyoza wakufa: amachotsa zoipa pa thupi lake, monga sopo. Ngati kuthira madzi sikutheka, ma ulama adaika tayammum m'malo mwake. Ngati nayonso siitheka, Allah sakakamiza mzimu zoposa mphamvu zake, monga ikunenera ndime yomaliza ya Sura Al-Baqara. Tikudziwa kuti pa kuswalira munthu amene sadasambitsidwe ngakhale kuchitiridwa tayammum ma ulama adasiyana, ndi m'madh'hab mwathu momwe. Ife tili ndi amene adati aswaliridwe, chifukwa chotheka sichigwa ndi kugwa kwa chosatheka. Swala ya janaza ilibe ruku kapena sijida, siifuna kukhudza jeneza. Mizere iime patali pang'ono. Wochedwa akaswalire pamanda, monga Mtumiki (SAW) adachitira kwa mayi uja ankasesa mu mzikiti. Wa ku Cuamba, ku Ngauma kapena ku Mangochi aswali ali komweko, monga Mtumiki (SAW) adaswalira Najashi wa ku Habasha iye ali ku Madina.

Za chakudya cha pamaliro, sitikutsegulanso lero mkangano wakale wa sadaka ya masiku atatu ndi arubaini. Aliyense akudziwa pomwe aima. Tikungokumbutsa kuti Ja'far ibn Abi Twalib ataphedwa ku Mu'ta, Mtumiki (SAW) adalamula kuti ena aphikire banja lake. Pa imfa ya kolera zimenezi zikhale lamulo lathu: nyumba yofedwa isaphikire khamu, wokhudza thupi asakhudze mphika, ndipo sadaka ikhoza kudikira kapena kusanduka sopo ndi ndowa.

Tsono mnyamata uja tikumuyankha motere, ndipo ngati ali pakati pathu amve. Mwanathu, m'Swahih Al-Bukhari ndi m'Swahih Muslim, wakufa ndi matenda a m'mimba adawerengedwa pamodzi ndi mashahidi pa malipiro a tsiku lomaliza. Mashahidi a pa Uhud adaikidwa osasambitsidwa, ndipo pakati pawo padali Hamza. Ulemerero wa wakufa kwa Allah sukhala m'madzi omwe tamuthira. Kutsogolera shahada ndi sunna, ndipo amene adakhala nayo moyo wake wonse Allah sangamuiwalitse chifukwa mwana wake adali kunja kwa chingwe. Udawanyamula usiku m'matope. Utauzidwa kuti ima, udaima, ndipo ana a m'nyumba mwanu ali moyo. Kuima kumeneko kudali kovuta kuposa kulowa, ndipo tikuyembekeza kwa Allah kuti kudalembedwa m'gulu la zabwino zochitira makolo.

Koma pali mawu amodzi omwe iye mwini adatiuza, ndipo sitidamudzudzule nawo popeza madzi akatayika saoleka. Mayi ake adayamba kutsekula m'mimba nthawi ya Dhuhr. Adawagulira makapisozi. Panjinga adakwezedwa pakati pa usiku. Inu amene amayi anu akali moyo, mlandu womwe tiyenera kuuopa uli m'maola amenewo.

Tikunena mawu athuwa, ndipo tikupempha chikhululuko kwa Allah pa ife ndi pa inu. Mupempheni, Iye Ngokhululuka, Ngwachisoni.

Khutba yachiwiri

Kutamandidwa nkwa Allah, ndipo madalitso ndi mtendere zikhale pa Mtumiki Wake.

Abale ndi alongo m'Chisilamu, pali chiphe china chomwe chimayenda limodzi ndi kolera m'dziko lathu la Mozambique, ndipo chimatuluka pakamwa. M'Chipwitikizi mawu akuti cloro ndi cólera amayandikana m'khutu. Kwa zaka zambiri, makamaka m'zigawo za Nampula, Cabo Delgado ndi Zambézia, pakhala mphekesera yakuti othira mankhwala m'zitsime akuthira matenda. M'chaka cha 2009, m'boma la Mogincual, anthu ongodzipereka a Cruz Vermelha adaphedwa chifukwa cha bodza limeneli, ndipo mwa amene adamangidwa pa zipolowezo, oposa 10 adafera m'chitokosi chothinana posowa mpweya. Pa 7 April 2024, m'masiku omaliza a Ramadhan, bwato lochokera ku Lunga kupita ku Ilha de Moçambique lidamira litanyamula anthu pafupifupi 130, ndipo adafa pafupifupi 100, ambiri mwa iwo ana. Akuluakulu a boma adanena kuti anthuwo ankathawa chifukwa cha mantha a nkhani zabodza za kolera. Kachilombo sikadawakhudze. Adaphedwa ndi mawu.

Sura Al-Hujurat, ndime 6, ikutilamula kufufuza nkhani tisanaichitepo kanthu, kuopa kuvulaza anthu mwaumbuli n'kudzanong'oneza bondo. Makolo athu adati kandimverere adakanena za m'maluwa. Lero kandimverere ali m'thumba mwa aliyense, pa WhatsApp, ndipo wotumiza uthenga wa mawu umene sadautsimikize ali ndi gawo m'magazi omwe uthengawo udzakhetse, ngakhale iye adali pakhonde pake akumwa tiyi. Woloza chala namwino, mfumu kapena mlembi wa mudzi kuti ndiye wabweretsa kolera, popanda umboni, wachita buhtan; woponya mwala pa tenti waponya pa odwala a m'mudzi mwake momwe.

Komabe sitingakhale achilungamo tikanena kuti anthu amenewa ndi mbuli chabe. Katswiri wa za chikhalidwe cha anthu wa pa Universidade Eduardo Mondlane, malemu Carlos Serra, adafufuza zipolowe zotere m'chigawo cha Nampula n'kulemba buku lotchedwa Cólera e catarse m'chaka cha 2003, ndipo adapeza kuti pansi pa mphekesera pali kusakhulupirirana kwa nthawi yaitali pakati pa osauka ndi olamulira. Tikugwirizana naye. Munthu amene wapempha mjigo zaka khumi osayankhidwa, kenako n'kuona galimoto ikufika ndi zigubu za mankhwala sabata yomwe anthu ayamba kufa, amalumikiza ziwirizo molakwika, koma kudandaula kwake kuli ndi muzu. Choncho kwa okhala mbali inayo ya chingwe, nafenso tili ndi mawu. Wodwala ndi amana m'manja mwanu. Lankhulani ndi achibale ake m'chinenero chomwe akumva, Chinyanja, Chiyao kapena Chimakua, ndipo auzeni m'mawa ndi madzulo momwe alili. Wamkazi aphimbidwe, ndipo asamalidwe ndi akazi pomwe kuli kotheka. Akamwalira, banja lione nkhope yake, mmodzi kapena awiri avekedwe zodzitetezera kuti achite chomwe chipembedzo chikufuna, sanda ikulungidwe pamwamba pa pulasitiki, ndipo m'manda ayang'anitsidwe ku Qibla. Sitidamvepo kuti chimodzi mwa izi chimafalitsa kolera. Banja lomwe lalemekezedwa motero lidzabweretsa wodwala wachiwiri masana. Lomwe lakalipiridwa pachipata lidzamubisa.

Kwa ife eni mzikiti, komiti yagwirizana izi kuyambira lero mpaka mvula itatha. Madzi a wudhu azithiridwa Certeza monga mwa malangizo a pabotolo, n'kudikira mphindi 30, ndipo atungidwe pampopi wa ndowa. Kuviika kapu kapena dzanja m'birika kwaletsedwa. Pakhomo la chimbudzi paikidwa mpondagiya ndi sopo, chifukwa istinja ya madzi okha siichotsa tizilombo ku dzanja lamanzere. Amene akutsekula m'mimba asabwere ku jamaa, Ijumaa yamuchokera ndipo alibe tchimo. Tikufuna amuna awiri ndi amayi awiri mwa osambitsa maliro athu kuti tikawaperekeze kuchipatala akaphunzire kuvala ndi kuvula magolovesi ndi kusungunula cloro. Alembetse kwa muadhini ikatha swala. Katemera wa kolera wodonthetsera m'kamwa akafika m'dera lathu, ife tidzakhala oyamba pamzere, ndipo mudzationa.

Ndipo nyumba iliyonse isunge mapaketi a SRO, omwe kutsidya amati Thanzi. Akasowa, tengani lita imodzi ya madzi owiritsa kapena othira mankhwala, masupuni aang'ono 6 a shuga osasefukira ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere. Wodwala ayambe kumwa pomwepo, azimwabe ali panjinga, akasanza dikirani mphindi 10 n'kuyambanso pang'onopang'ono. Mwana woyamwa asachotsedwe kubere. Ngati ndi mwezi wa kusala, amasule, adzabweza. Musadikire kuti kuche, musadikire mwini mbumba abwere kumunda. Amene ali ndi njinga yamoto ndipo mnansi wagogoda usiku, za mafuta mukambirana pobwerera.

E Allah, chizani odwala athu ndi odwala a anansi athu. Chitirani chisoni akufa athu, osambitsidwa ndi osasambitsidwa, ndi amene adamira m'nyanja. Limbitsani manja a anamwino ndi otsuka ndowa, tetezani malilime athu ku bodza, ndipo tipatseni mvula ya madalitso ndi madzi abwino akumwa. Madalitso ndi mtendere zikhale pa Mtumiki Muhammad, akubanja kwake ndi maswahaba ake. Imirirani ku swala, Allah akuchitireni chisoni.